Detroit m'mafulashi a ku Zomba: kope loti mutenge ndi loti musiye

Anyamata a m'ma burning centre a ku Mpondabwino, ku Chinamwali ngakhale ku Chikanda amasanja mafilimu potengera chithunzi cha pachikuto. Pakaoneka mfuti ndi moto, basi, imeneyo yalowa m'foda ya zankhondo. Mwa njira imeneyi Detroit, filimu ya ku America ya mu 2017, imagona foda imodzi ndi mafilimu a makomando, ndipo wogula amapita nayo kunyumba akuyembekezera akita wogwetsa adani khumi ndi chipolopolo chimodzi. Akita wotero mulibemo. Amene akuwombera kwambiri ndi apolisi, owomberedwa ndi anyamata opanda chida, ndipo palibe wobwera kudzabwezera. Filimuyi ndi yabwino, pakati pake ndi yabwino koopsa, koma ndi imodzi mwa zija zimafa msanga kope likakhala loipa. Ndemanga ino ikuunika zonse ziwiri, filimuyo ndi makope amene imafikiramo kuno. Tiulula zina za m'katimo, poti nkhani yake ndi mbiri yodziwika kale.

Anaitsogolera ndi Kathryn Bigelow, mayi woyamba kulandira mphoto ya Oscar ya wotsogolera filimu mu 2010, ndipo anailemba ndi Mark Boal. Imatenga mphindi 143. Nkhani ikuyamba m'bandakucha wa Lamlungu pa 23 Julaye 1967, pamene apolisi anakathyola shabini pamphambano ya 12th Street ndi Clairmount mumzinda wa Detroit. Munali phwando lolandira asilikali akuda obwera kunkhondo ya ku Vietnam, ndipo apolisi anaganiza zonjata onse, anthu oposa 80. M'filimumo chitseko cha kuseri chakanika kutseguka, ndiye akuwatulutsira kumaso, pamsewu, anthu a m'dera akuona. Magalimoto onyamula omangidwa akuchedwa, khamu likukula, wina waponya botolo. Pomwe pankatha masiku asanu, anthu 43 anali atafa ndipo oposa 7,000 atamangidwa. Bwanamkubwa wa Michigan, George Romney, anaitana asilikali a National Guard, kenako Pulezidenti Lyndon Johnson anatumiza asilikali a boma lalikulu, akasinja n'kumayenda m'misewu ya mzinda wopanga magalimoto.

Zisanafike zonsezi pali mphindi zochepa za zithunzi zojambula pamanja, zochokera ku ntchito za Jacob Lawrence. Ambiri amazidumpha poganiza kuti ndi katuni ya kampani yopanga filimu, ndipo makope ena odulidwa alibe n'komwe. Musadumphe. Ndi pokhapo pamene filimu ikufotokoza kuti anthu akuda mamiliyoni anasamuka kummwera kwa America kupita m'mizinda ya kumpoto kukasaka ntchito m'mafakitale, n'kukapanikizidwa m'madera ochepa olonderedwa ndi apolisi achizungu. Wophonya pamenepa amangoona anthu akuthyola masitolo popanda chifukwa.

Gawo loyamba ndi lobalalika, ndipo kubalalikako n'kwadala. Kamera ya Barry Ackroyd ndi ya pamapewa, imanjenjemera, imathamangira uku ndi uku ngati ya mtolankhani, ndipo zithunzi zenizeni za mu 1967 zasakanizidwa ndi zosewera moti pena sungasiyanitse. Woonera amakhala nthawi ndithu asakudziwa kuti mwini nkhani ndani. Pang'onopang'ono anthu atatu akutulukira. Philip Krauss, wapolisi wachinyamata amene akuseweredwa ndi Will Poulter, wawombera kumsana munthu wothawa ndi katundu wa m'sitolo. Wamkulu wofufuza milandu wamuuza kuti nkhaniyi ingathe kukhala mlandu wakupha, komabe wamubwezera kumsewu ndi mfuti yake. Melvin Dismukes, amene ndi John Boyega, ndi mlonda wakuda wa pasitolo, munthu woganiza kuti ulemu ungamupulumutse, mpaka akuwapititsira khofi asilikali achizungu kuti asamuone ngati mdani. Ndipo pali Larry Reed, woimba wa gulu la The Dramatics, amene Algee Smith wamusewera bwino kuposa wina aliyense mufilimuyi. Gulu lake latsala pang'ono kukwera pa nsanja ya Fox Theatre pamene apolisi akulamula kuti anthu onse atuluke, ndipo iye akutsalira kuimba yekha pamaso pa mipando yopanda anthu.

Kenako filimu ikulowa mu Algiers Motel usiku wa pa 25 Julaye ndipo situlukamo kwa mphindi zoposa 40. Apa ndiye pali ndalama yanu. Larry ndi mnzake Fred Temple abisala m'moteloyi podikira kuti kuche. Mnyamata wina, Carl Cooper, akusewera ndi kamfuti kopanda zipolopolo, kaja amalizira poyambitsa mpikisano wothamanga, n'kukaliza pawindo moloza kumene kuli asilikali. Kunjako akuti kuli wowombera wobisala. Apolisi a mumzinda, apolisi a boma la Michigan ndi asilikali akukhamukira m'nyumbamo. Krauss akupha Carl n'kumuikira mpeni pambali. Otsalawo, anyamata akuda ndi atsikana awiri achizungu, aimikidwa m'kolido nkhope kukhoma, manja m'mwamba, ndipo funso ndi limodzi lokha: mfuti ili kuti? Palibe mfuti yoti aipeze. Apolisi akuyamba kasewero kawo: kutenga mmodzi kupita naye m'chipinda, kuwombera pansi, kumuuza kuti agone chete, n'kutuluka kudzauza anzake kuti ameneyo watha, wotsatira ndi iwe. Wapolisi wachitatu, Demens, sanauzidwe kuti n'zongoopseza. Atapatsidwa Aubrey Pollard, akumuwomberadi. Pomaliza Krauss akumasula otsala mmodzimmodzi atalumbira kuti sanaone kanthu, ndipo Fred, amene akukana kunena kuti palibe mtembo pamene mtembo uli pamaso pake, akuphedwa. Anyamata atatuwa analipodi: Cooper anali ndi zaka 17, Temple 18, Pollard 19.

Chimene chikugwira m'gawo limeneli si magazi, poti mafilimu a makomando ali ndi magazi ochuluka kuposa apa. Ndi kudikira. Ndi kupuma kwa munthu amene nkhope yake yagunda khoma, kupemphera kwa chamumtima, mapazi a wapolisi akudutsa kumbuyo. Komanso ndi anthu amene akanatha kuletsa. Apolisi a boma la Michigan akuona kuti zinthu zapitirira muyeso, akunong'onezana kuti sakufuna kukodwa m'nkhani za ufulu wa anthu akuda, n'kukwera magalimoto awo kumapita. Dismukes ali pomwepo, akuyesa kuziziritsa, akuthandiza kusaka mfutiyo poganiza kuti ikapezeka zitha, ndipo mapeto ake naye akuikidwa pamlandu. Mumzinda ngati uno, momwe muli Cobbe Barracks, sukulu ya apolisi, ndende yaikulu ndi ophunzira malamulo a ku Chanco, zimatheka benchi imodzi kukhala ndi anthu a mbali zonsezi, ndipo mkangano wa pambuyo pa filimu sukhala pa Krauss. Aliyense amavomereza kuti ameneyo ndi chilombo. Umakhala pa aja anakwera magalimoto. Amene akukumbukira zionetsero za pa 20 Julaye 2011 m'mizinda yathu safuna kuuzidwa mmene mantha a msewu wa zipolowe amakhalira.

Zofooka zilipo, ndipo si zazing'ono. Gawo lomaliza, la kubwalo la milandu, lathamangitsidwa. Milandu yeniyeni inali ingapo, ina inakazengedwa kunja kwa Detroit, ku Mason ndi ku Flint, pamaso pa magulu a oweruza wamba achizungu okhaokha, ndipo palibe anapezeka wolakwa. Filimu yaiunjika yonse kukhala mlandu umodzi, ndipo John Krasinski monga loya wa apolisi akuoneka ngati wasochera kuchokera mufilimu ina. Chokhacho chimene chikuluma apa n'chakuti apolisi awiri anali atavomera kale, koma woweruza akutaya kuvomerako chifukwa sanauzidwe ufulu wawo asanafunsidwe. Lamulo limenelo linachokera ku chigamulo cha khoti lalikulu la ku America pa mlandu wa Miranda mu 1966, chaka chimodzi chokha m'mbuyo, ndipo linapangidwira kuteteza anthu ngati aja anaima kukhoma. N'chimodzimodzi ndi zimene gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lathu limanena, kuti womangidwa auzidwe za ufulu wokhala chete ndipo asakakamizidwe kuvomera. Mfundo yokoma chonchi filimu yangoidutsa m'mphindi zochepa.

China, maina a apolisi anasinthidwa, ndipo Krauss waunjikiridwa nkhanza zonse. Poulter wamusewera mochititsa nthumanzi, ndi nkhope ya mwana wasukulu ndi nsidze zake zija, koma mukamuyang'anitsitsa mumayamba kuganiza kuti vuto la Detroit linali mnyamata mmodzi wopenga, pomwe nkhani ya nyumba, ntchito ndi ulonda wa apolisi yasiyidwa m'zojambula za koyambirira zija. Amayi akuda, amene anaika maliro ndi kuyenda m'makhoti, akungooneka mwa apo ndi apo. Ku America komweko anthu anadandaula zimenezi, ndipo filimuyi sinaitanidwe n'komwe ku Oscar. Chimene chikupulumutsa mathero ndi Larry, amene sakuthanso kuimbira anthu ovina, akusiya gulu lake pamene layamba kutchuka n'kukapempha malo mu kwaya ya kutchalitchi.

Tsopano za makope. Filimu ya ku America imafika kuno m'mitundu itatu: kafayilo kakang'ono ka pafoni, kope la DJ womasulira m'Chichewa, ndi kope lalikulu la Chingerezi. Pa mafilimu ambiri kusiyana kwake n'kopiririka. Pa iyi ayi.

Kafayilo ka pafoni kamakhala ka 300 kapena 400 MB. Gawani 350 MB pa mphindi 143, mupeza makilobiti pafupifupi 330 pa sekondi, chithunzi ndi mawu pamodzi. Kupanikiza vidiyo kumadalira kuti chithunzi china chifanane ndi chinzake, kompyuta n'kumangosunga zimene zasintha. Detroit ili ndi zinthu zitatu zimene zimasokoneza zimenezi: kamera yosakhazikika, timadontho ta filimu yakale timene anaikamo dala, ndi mdima. Zotsatira zake, m'kolido muja nkhope za anyamata akuda zimasanduka timabokosi tosungunuka, osadziwanso kuti Larry ndi uti, Fred ndi uti, pomwe nkhope za azungu zikuonekabe chifukwa zimabweza kuwala. Ndiye kuti mwataya theka lenileni la filimu, theka la ozunzidwa. Pafoni ya sikirini yaing'ono kangapiririke movutikira, koma pa TV ya mainchesi 32 musayese. Pemphani 720p yosachepera 1.2 GB, ndipo ngati fulashi ili ndi malo, ya 2 GB ndiye yokhazika mtima pansi.

Za ma DJ tinene mwachilungamo. Ntchito yawo ndi yaikulu, ndipo agogo ndi ana ambiri atsata mafilimu a ku India ndi ku China chifukwa cha iwowo. Chingerezi cha mufilimuyi n'chothamanga, anthu amalankhulira pamodzi, ndipo ngakhale wa digiri amaphonya zina, choncho womasulira akufunikadi. Vuto ndi kachitidwe kake. DJ akamalankhula amatsitsa mawu enieni a filimu, ndipo saloledwa kukhala chete nthawi yaitali poopa kuti oonera atopa, ndiye mpata uliwonse amaudzaza ndi nthabwala, kutcha anthu maina a kumudzi, kupereka moni kwa makasitomala. Pa filimu ya kung fu zimakometsa. M'kolido ya Algiers zili ngati kuliza nyimbo za ukwati pasiwa. Mphamvu ya gawo lija ili m'malo opanda mawu, ndipo nyimbo za Larry, zimene ndi msana wa nkhani yake, zimadulidwa pakati. Mukapatsidwa kope lomasuliridwa, musaliyese koyambirira. Kokerani pakati penipeni, pamene anthu aima kukhoma, mumvetsere mphindi ziwiri. Ngati womasulira akungopereka zimene zanenedwa n'kukhala chete, tengani, mwapeza munthu wodziwa ntchito. Ngati akuseketsa, siyani.

Kope la Chingerezi lokhala ndi mawu olembedwa pansi ndiye loyenera, koma nalo lili ndi misampha yake, ndipo yambiri imaonekera pa dzina la fayilo. Mukaona x265 kapena HEVC, dziwani kuti ma TV ambiri akale ndi madikoda otsika mtengo sawerenga, amangotulutsa mawu sikirini ili bii, kapena kukana fayilo yonse. Pemphani ya x264. Mukaona DTS, yembekezerani zosiyana: chithunzi chilipo, mawu palibe. AAC ya masipika awiri ndiyo imayenda paliponse. Ya 5.1 imasewera, koma mawu a anthu amakhala m'njira ya sipika yapakati, ndipo sabufa ya masipika awiri ikaziphatikiza, zolankhula zimatsika pomwe mfuti zikugwedeza malata. Mwini nyumba amangokhalira rimoti m'manja, kukweza, kutsitsa. Ngati mulibe kuchitira mwina, tsitsani besi kufika pansi pa theka, kwezani tirebo pang'ono, ndipo yatsani Clear Voice kapena Night Mode ngati TV yanu ili nazo.

Fayilo ya mawu olembedwa, ija imathera ndi .srt, ikhale m'foda imodzi ndi filimu ndipo dzina lifanane chilembo ndi chilembo, apo ayi TV siiona. Mawu akamatsogola kapena kutsalira ndi mlingo umodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, n'zokonzeka: mu pulogalamu yoonera mafilimu ya VLC pa kompyuta, mabatani a G ndi H amasuntha mawu olembedwa, J ndi K amasuntha mawu omveka. Koma akamayamba bwino n'kumatalikirana filimu ikamapita, ndiye kuti fayiloyo inapangidwira kope la liwiro lina. Makope ochokera pa DVD za ku Ulaya amathamanga zithunzi 25 pa sekondi m'malo mwa 24, kusiyana kwa 4 peresenti, kumene pa filimu yaitali chonchi kumakwana mphindi pafupifupi zisanu ndi imodzi. Pamenepo musavutike ndi mabatani, pezani .srt ina. Masamu omwewa akuthandizani kudziwa ngati filimu ndi yathunthu: ikasonyeza 2:23 ndi yonse, ikasonyeza 2:17 ndi yonsebe koma ya liwiro la ku Ulaya, ikatsika pansi pa maola awiri wina wadulamo.

Fulashi nayo imapha filimu. Yofomatidwa mu FAT32 silandira fayilo yoposa 4 GB, ndipo ma TV ena akale saona exFAT, choncho kope la pakati pa 1.2 ndi 3 GB limakupulumutsani ku mavuto onse awiri. Mafulashi achinyengo, aja olembedwa 64 GB pomwe m'kati muli 8, amalandira fayilo bwinobwino n'kuonetsa kuti yalowa, koma zimene zadutsa malire enieni zimatayika, ndipo mumadziwira kunyumba filimu itaima pakati. Musachoke pa kauntala musanaone malo atatu kuchokera mu fulashi yanuyo, osati mu kompyuta ya wogulitsa: poyambira, pakati, ndi mphindi khumi zomaliza. Wogulitsa wabwino sakwiya nazo. Muuzeninso aichotse mwadongosolo, poti kuizula ikadali kulemba ndi kumene kumabala mafayilo osatseguka.

Pa TV, chokani pa Vivid kapena Dynamic, zimene zimakometsa mpira koma zimameza zonse za mumdima. Ikani Movie kapena Standard, kwezani brightness mpaka malaya a Dismukes asiyane ndi khoma la kumbuyo kwake, ndipo zimitsani noise reduction, chifukwa imaona timadontho ta dala tija ngati dothi n'kupukuta nkhope mpaka kuoneka ngati za pulasitiki. Oonetsa vidiyo masana atseke ming'alu ya m'zipupa ndi pachitseko. Kuwala kamodzi kogwera pa sikirini n'kokwanira kufafaniza kolido yonse.

Kwa a mavidiyo sho tinene mosabisa kuti iyi si filimu yodzazitsa mabenchi. Maola awiri ndi theka ndi nthawi ya mafilimu awiri afupiafupi, ndipo anyamata obwerera nkhonya ayamba kutuluka ikafika kukhoti. Imayenera usiku, kwa akuluakulu, kapena pagulu la ophunzira lofuna kukambirana pambuyo pake. Ana asalowe. Ku America inaikidwa m'gulu la R, la mafilimu osayenera ana, muli kutukwana kosalekeza, mtsikana akung'ambiridwa zovala pamaso pa amuna, ndipo koyambirira kamwana kosuzumira pawindo kakuwomberedwa ndi asilikali amene akukayesa wowombera wobisala. Kuonetsa pagulu kulinso ndi malamulo ake a umwini, amene amayang'anira ndi a bungwe la COSOMA, ndipo kope la mu fulashi silikupatsani chilolezo chimenecho.

Magetsi akakhala osadalirika, werengerani batire musanayambe, chifukwa filimuyi ikadukira m'kolido sibwereranso m'malo mwake mawa lake. TV ya LED ya mainchesi 32 imadya mawati 45 kapena kuchepera, sabufa yaing'ono mawati ngati 30. Mawati 75 kwa maola awiri ndi theka ndi pafupifupi 190 Wh, ndipo mukaonjeza zotayika mu inveta zikufika 18 kapena 19 Ah pa batire ya 12V. Poti batire ya asidi siyenera kutsika kupitirira theka, ya 40 Ah yodzaza bwino ikungokwanira ndendende, popanda kutchajirapo mafoni. Yakale imene yayamba kufooka idzalira alamu ya inveta mlandu usanathe.

Pofunsa kwa wogulitsa, nenani kuti Detroit ya 2017 ya John Boyega, chifukwa pali masewera a pakompyuta a dzina loyamba chimodzimodzi amene mavidiyo ake amasochera m'mafoda a mafilimu. Ndipo Larry akamaliza kuimba kutchalitchi musathamangire kuzimitsa. Pakubwera mawu olembedwa ofotokoza kumene aliyense anathera, kuphatikizapo chenjezo la opanga filimu lakuti zimene zinachitika mu Algiers sizinatsimikizidwe mokwanira m'khoti ndipo mbali zina anazilumikiza kuchokera ku zokumbukira za amene analipo. Zilembo zake ndi zazing'ono, ma .srt ambiri sazimasulira, ndiye pakhale mmodzi woimitsa filimu n'kuwerengera anzake mokweza.